Yaesu FT-818 ku Senga Bay: yadutsa mwera, chilimwe ndi dzinja

Wayilesi yaing'ono ya FT-818 yomwe okonda mawayilesi olankhulirana kuno ku Salima akhala akubwerekana ikugwirabe ntchito bwino, ngakhale utoto wayamba kusupuka m'makona. Kampani ya Yaesu inasiya kuipanga mu 2022, choncho yomwe mungapeze lero mwina idzakhala yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito. Igulenibe, koma dziwani kuti mawati 6 omwe imatulutsa amafika kutali pokhapokha mlongoti ndi batire zili bwino.

Batire la mkati, la 1900 mAh, ndi lokhumudwitsa. Mukalidalira, wayilesi imatsitsa yokha mphamvu kufika pa mawati 2.5, ndipo kulitchaja kumatenga mpaka maola 10. Pezani batire lakunja la mtundu wa LiFePO4 la 12.8 V, 6 Ah, muike fiyuzi ya 3 A pa waya wofiira. Polowetsa magetsi kumbuyoko pamayamba kugwedera pakapita miyezi, wayilesi n'kumazima muli pakati polankhula. Mangirirani wayawo ku thupi la wayilesi kuti usamakokeke. Mlongoti lumikizani pa polumikizira pa kutsogolo, potchedwa BNC, chifukwa pa kumbuyo pamayatsa kachipangizo komwe kamadya batire ngakhale mukungomvetsera.

Mkati mulibe tuner, kachipangizo kogwirizanitsa wayilesi ndi mlongoti, ndiye waya uyenera kudulidwa molondola. Dipole, mlongoti wa mawaya awiri ofanana, ya bandi ya 20 m (mafunde a 14 MHz) imafuna mamita pafupifupi 5 mbali iliyonse. Dulani 5.2, kenako muzipinda nsonga pang'onopang'ono mpaka SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku mlongoti, itsike pansi pa 1.5. Pakati pake kwezani pa nsungwi yaitali, ndipo mwera ukayamba mu Juni muimange ndi zingwe zitatu, apo ayi mudzaitola pamchenga. Chinyontho cha kunyanja chimachititsa dzimbiri polumikizira mawaya, ndipo chizindikiro chake ndi SWR yosinthasintha popanda chomwe mwakhudza. Palani, mukulunge ndi tepi.

Mu Okutobala, FT8, njira yotumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito kompyuta, pa 14.074 MHz imaitenthetsa kwambiri wayilesiyi chifukwa imaulutsa mosalekeza masekondi pafupifupi 13 ulendo uliwonse. Tsitsani pa mawati 2.5, muikhazike pamthunzi. Simutaya zambiri, poti 7Q, chiyambi cha callsign (dzina la pa wayilesi) ya ku Malawi, ndi yosowa pamlengalenga ndipo a ku Ulaya amaithamangira okha. M'dzinja bandi ya 40 m imangothetheka ndi mphezi. Kukayamba kugunda, zulani mlongoti. Mukamamva phokoso losalekeza, nthawi zambiri limachokera ku inveta ya sola ya pafupi, wayilesi ilibe mlandu.

Pobwereketsa mnzanu, yambani mwaona kuti ali ndi laisensi ya MACRA ndi callsign yakeyake. Mupatseni pamodzi ndi waya wake wa magetsi wokhala ndi fiyuzi, chifukwa kusemphanitsa wofiira ndi wakuda kumatha kupsereza wayilesi nthawi yomweyo. Muuzeninso ayese SWR pa mphamvu yotsikitsitsa asanalankhule pa mlongoti wake. Matransisita otulutsa mphamvu akapsa, pamafunika kuitanitsa ena kunja. Ngati ikakhale kwa iye mwezi osayatsidwa, achotsemo batire la mkati.