Ndemanga yanga pa sukulu ya St Stithians College, kwa makolo a ku Malawi okhala ku Johannesburg

Makolo angapo a ku Malawi amene timapemphera limodzi kuno ku Randburg akhala akundifunsa za St Stithians College, komwe mwana wathu wamwamuna wakhala akuphunzira kuchokera mu Grade 8 ndipo tsopano ali mu Grade 11. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe maganizo anga pamalo amodzi m'malo moyankha aliyense payekha pa WhatsApp. Ndine wokhutira ndi sukuluyi, koma kholo lidziwiretu kuti zambiri zimene limalipira zimachitika makalasi akatha, ndipo mwana amene belu likangolira amathamangira kunyumba sapindula mokwanira ndi ndalama za makolo ake.

Sukuluyi ndi ya mpingo wa Methodist Church of Southern Africa ndipo inatsegulidwa mu 1953 ndi chuma chimene anasiya Albert Collins ndi William Mountstephens, amuna awiri ochokera ku Cornwall ku England. Nyumba ziwiri zogoneramo anyamata zimatchedwa mayina awo, Collins ndi Mountstephens. Malo ake, amene ali pamsewu wa Peter Place ku Sandton, ndi oposa mahekitala 100, ndipo pali sukulu zingapo pansi pa dzina limodzi, kuyambira ana aang'ono mpaka a Grade 12. Atsikana anayamba kulandiridwa mu 1995 ndipo ali ndi sukulu yawoyawo pamalo omwewo, kotero kuti banja limene lili ndi mnyamata ndi mtsikana limawatula pamalo amodzi ngakhale kuti makalasi awo ndi osiyana.

Pankhani ya maphunziro, chimene chimasokoneza makolo ochokera kwathu ndi kusiyana kwa dongosolo. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu September, pulayimale ndi zaka 8 ndipo sekondale ndi zaka 4. Kuno chaka chimayamba mu January, pulayimale imathera mu Grade 7, ndipo sekondale ndi zaka 5, mpaka mayeso a matric. Ophunzira a pa St Stithians amalemba mayeso a bungwe loyima palokha lokonza mayeso la IEB (Independent Examinations Board), ndipo satifiketi yake ndi National Senior Certificate, yomwe imafuna maphunziro 7: zilankhulo ziwiri, masamu, Life Orientation ndi ena atatu amene mwana amasankha asanalowe Grade 10. M'maphunziro ambiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a malikisi omaliza limachokera pa ntchito ya m'kati mwa chaka, kotero kuti mwana wozolowera kudikira mayeso kuti aloweze notsi usiku wonse, monga ambiri a ife tinachitira pa MSCE, amavutika poyamba. Mwana wathu anafika ali wamphamvu pa masamu koma wamanyazi kutsutsa mphunzitsi, pomwe kuno amafuna kuti mwana afotokoze maganizo ake ndi kuwateteza, polemba ndi polankhula pomwe. Aphunzitsi anamulezera mtima, ndipo ndimayamikira kuti anatilembera imelo msanga ataona kuti akukhala chete m'kalasi, osadikira lipoti la kumapeto kwa teremu.

Nkhani ya chilankhulo chachiwiri ndiyofunika kuifunsa bwino. Malamulo a mayeso m'dziko muno amalola mwana amene analowa sukulu ya ku South Africa koyamba mu Grade 7 kapena pambuyo pake kuti apemphe kusalemba chilankhulo chachiwiri cha dziko lino, n'kutenga phunziro lina m'malo mwake. Ife tinali ndi mwayi umenewo koma tinasankha isiZulu, chifukwa kapangidwe ka ziganizo zake sikatalikirana kwambiri ndi ka Chichewa, ndipo mwana wokhala ku Johannesburg amachifuna tsiku ndi tsiku kunja kwa mpanda wa sukulu.

Masana ndi pamene sukuluyi imaonetsa kusiyana kwake ndi zina zimene ndinaziyendera. M'chilimwe muli cricket, kusambira, water polo ndi kupalasa bwato. M'nyengo yozizira muli rugby ndi hockey. Palinso mpira wamiyendo, basketball, tenisi ndi kuthamanga. Dzina limene anyamata onse amalitchula ndi la Kagiso Rabada, amene anaphunzira pompano ndipo anali m'timu ya South Africa imene inapambana chikho cha dziko lonse cha cricket cha anyamata osaposa zaka 19 mu 2014. Pa nthawi ya Isitala sukuluyi imachititsa chikondwerero cha masewera chimene chimabweretsa matimu ochokera m'madera osiyanasiyana, ndipo tsiku limene akusewera ndi St John's College kapena King Edward VII, mabwalo amadzaza ndi makolo. Chimene chinandikhutiritsa ine si timu yoyamba ayi, koma kuti pali matimu ambiri apansi, kotero kuti mwana amene anali asanagwirepo mpira wa rugby ku Lilongwe anapezanso malo, mphunzitsi wake ndi masewera ake Loweruka. Anayamba ndi mantha, ndipo mayi ake mpaka lero amatsinzina akamagwetsedwa, koma anzake enieni anawapeza kumeneko. Kwaya ndi zisudzo nazonso amazitenga mozama. Mwana wathu analowa kwaya chifukwa anakulira m'kwaya ya CCAP, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuwerenga manotsi a nyimbo, zomwe ife makolo ake, ngakhale taimba zaka zambiri, sitizidziwa.

Poyamba mwana wathu anali woyendera, osagonera pasukulu. Tinasintha atafika mu Grade 10, ndipo chifukwa chake chinali msewu. Aliyense amene amayenda pa Winnie Mandela Drive, womwe kale unkatchedwa William Nicol, akudziwa mmene magalimoto amathinira m'mawa ndi madzulo. Masewera akatha dzuwa litapendeka, kenako kwaya, mwana ankafika kunyumba atatopa, homuweki isanayambike. Kugonera komweko kunabweza maola amenewo. Madzulo aliwonse pali prep yoyang'aniridwa, laibulale ndi mabwalo zili pafupi, ndipo mphunzitsi woyang'anira nyumba yogonera amadziwa mwana aliyense bwino lomwe. Popeza tili mumzinda womwewu, mwana amabwera kunyumba kumapeto kwa sabata zambiri. Chakudya ndi chokwanira, ngakhale kuti akafika pakhomo chinthu choyamba chimene amapempha ndi nsima ya ufa woyera ndi usipa. Mugulireni mwana wanu zofunda zokwanira, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo m'mawa wa June ndi July udzu umachita kuyera ndi chisanu.

Ophunzira a Grade 9 amapita milungu ingapo ku Kamoka, sukulu ya kutchire imene ili kufupi ndi Modimolle m'chigawo cha Limpopo. Ndinkaona ngati n'zoseketsa kulipira ndalama kuti mwana wa ku Malawi akaphunzire moyo wa kutchire, koma zoona zake n'zakuti ana athu obadwira m'tawuni sadziwanso kuyenda mtunda wautali kapena kudzisamalira okha, ndipo wathu anabwerako ali wodzidalira kwambiri.

Chipembedzo chilipo ndipo sachibisa. Ana amapita ku chapel nthawi zoikika, pali abusa a pasukulu, ndipo kwa ife a Presbyterian mapemphero ake sanatidabwitse. M'kalasi ya mwana wathu muli Asilamu, Ahindu ndi ena, ndipo sindinamvepo wina akukakamizidwa kusintha mpingo. Chimene chimaonetsa bwino mzimu wa Methodist, m'kuona kwanga, ndi Thandulwazi, pulogalamu imene Loweruka imatsegulira makalasi a sukuluyi ophunzira ochokera m'sukulu za m'madera osauka a Gauteng kuti athandizidwe masamu ndi sayansi.

Fizi ndi yokwera, monga zilili m'sukulu zonse zikuluzikulu zoyima pazokha za ku Sandton, ndipo ya kugonera imalipidwa padera. Powerengera musaiwale yunifolomu, zovala ndi zipangizo za masewera, kompyuta ndi maulendo, makamaka ngati mbali ina ya ndalama zanu imachokera ku Malawi, poganizira mmene kwacha inagwera mu November 2023. Mwana amene si nzika ya dziko lino ndipo alibe chilolezo chokhazikika amafunika study visa, yomwe imafuna kalata yochokera kusukulu ndi umboni wa medical aid yolembetsedwa ku South Africa. Akuluakulu amaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe, koma pankhani ya malo a Grade 8 ndi bwino kulembetsa mwana akadali kupulayimale, chifukwa ofuna malo ndi ambiri ndipo ena mwa malowo amatengedwa ndi ana ochokera kupulayimale ya pasukulu pomwepo. Mukapita kukaona sukuluyi, pemphani kuti mufike masana ana ali m'mabwalo, ndipo mutenge mwanayo kuti anene yekha ngati pali masewera kapena gulu limene angalowe.