Telesikopu yakale ya bulasi: Brasso, mandimu, phula kapena vanishi yatsopano?

Munthu akangopeza telesikopu yakale ya bulasi, dzanja limathamangira ku kabotolo ka Brasso, mankhwala owalitsira zitsulo. Imani kaye. Njira zimene anthu amalimbirana pokonza chida chotere zilipo zinayi, ndipo zitatu mwa izo mukazichita palibenso kubwerera m'mbuyo. Yoyenera imadalira funso limodzi: kodi muli ndi chamakedzana chenicheni kapena chongoyerekeza?

Zambiri zonyezimira zimene zili pamsika masiku ano zimapangidwa ku India kuti zikongoletse pabalaza. Yofala kwambiri ndi yolembedwa kuti "Kelvin & Hughes London 1917". Kampani ya dzina limeneli inayamba mu 1947, pamene Henry Hughes & Son inaphatikizana ndi Kelvin, Bottomley & Baird, ndiye chaka cholembedwacho chimadziulula chokha. Dzina la Dollond nalo lili ndi msampha wake. John Dollond wa ku London analandira patenti (chikalata cha umwini wa luso) mu 1758 ya galasi la zigawo ziwiri lochotsa mitundu ya utawaleza imene inkazungulira zinthu m'matelesikopu akale, ndipo dzinalo linatchuka mpaka amisiri ena akale ankalemba "Dolland" pa zawo kuti zigulike. Yotereyi ndi yakale ndithu, koma si ya Dollond.

Yang'anani zilembo. Zogoba pamanja zimakhala ndi mizere yoyamba mopyapyala, n'kunenepa, n'kutheranso mopyapyala. Zodinda ndi makina zimafanana kuya kwake paliponse. Sikuluwu ya mutu wa mtanda inabwera m'ma 1930, choncho ilibe malo pa chida cha m'ma 1800. Galasi looneka lobiriwira kapena lapepo mukalipendeketsa linapakidwa mankhwala ochepetsa kunyezimira, luso limene linafala cha m'ma 1940. Maginito akamata, ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa. Mapaipi olowana a chenicheni amakhala opyapyala, amatuluka mwamyaa osagwedera, ndipo mukasuzumira mumaona zinthu bwinobwino zitaima chilili. Za asilikali a Britain za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zimakhala ndi kachizindikiro konga mutu wa muvi, mawu akuti "Tel. Sig.", chaka, ndi dzina la opanga monga Ross, Negretti & Zambra kapena Troughton & Simms.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mtundu wagolide wa chida chakale si wa bulasi yokhayo ayi. Amisiri ankatenthetsa paipi pang'ono n'kuipaka vanishi ya shellac, utomoni wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, wosungunulidwa mu sipiliti, nthawi zina wothiridwa tameriki kapena utomoni wofiira kuti mtundu ukhwime. Vanishi imeneyi ndiyo ogula zamakedzana amafuna kuona, ngakhale itakhala yamathothomathotho. Pa nyali ya UV, yonga ija yoyesera ndalama zachinyengo, vanishiyi imawala mtundu wa lalanje. Njira zonse zinayi ziyesedwe ndi muyeso umenewu: zichita nayo chiyani vanishiyo?

Brasso ndi yakale nayonso, inatuluka mu 1905 kuchokera kwa Reckitt & Sons ku England. Ndi yotsika mtengo, imapezeka mosavuta, ndipo kuwala kwake kumabwera tsiku lomwelo. Koma imawalitsa pokhula. Muli timchenga tosalala kwambiri timene timadya vanishi, kenako n'kuyamba kudya bulasi, ndipo nthawi iliyonse mukapukuta zilembo za dzina la mmisiri zimafufutika pang'ono. Zotsalira zake zimauma n'kukhala zoyera m'zilembo ndi m'makona, kenako zimasanduka zobiriwira. Vanishi ikachoka, bulasi imada pakangopita miyezi yochepa, ndiye mwadzilembera ntchito yopukuta mpaka kalekale.

Palinso nkhani ya amoniya amene amamveka fungo lake mukatsegula botolo. Asilikali a Britain ku India ankadabwa kuti zikhokhombe za zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nyengo ya mvula zinkang'aluka zokha. Mu 1921 akatswiri anapeza kuti wolakwa ndi amoniya wa mu mkodzo wa akavalo, amene amang'amba bulasi yomwe inakokedwa kapena kusulidwa yozizira. Mapaipi a telesikopu anapangidwa mokoka chomwecho. Kupukuta kamodzi sikung'amba paipi, koma madzi a Brasso otsakamira m'malumikizidwe kwa zaka zambiri si abwenzi ake. Kwa ine Brasso ndi yoyenera pa chongoyerekeza cha ku India, kapena pa chakale chimene eni ake oyamba anachikhula kale mpaka vanishi yonse inatha.

Mandimu ndi mchere, viniga, kapena phulusa ndi sitiliwulo: apa sindichedwapo. Zimenezi zimayeretsa mapoto, ndipo zithere ku mapoto komweko. Bulasi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo asidi amatha kudya zinki wa pamwamba n'kusiya mawanga ofiirira. Mchere ukalowa m'malumikizidwe sutulukamo, umayambitsa dzimbiri lobiriwira limene limabwerera chaka ndi chaka. Ubwino wake ndi umodzi wokha, kuti simulipira kanthu.

Njira yachitatu ndi imene osamalira zinthu m'nyumba zosungiramo zakale amatsata: kuchotsa litsiro lokha n'kupaka phula. Mumayamba ndi bulashi yofewa yochotsera fumbi. Kenako thonje lonyowa pang'ono ndi madzi a sopo wa mbale, kachigawo kamodzi pa nthawi, n'kuumitsa pomwepo. Mafuta a m'manja ouma amachoka ndi white spirit, mankhwala amadzimadzi ochokera ku mafuta a petulo, imene siisungunula shellac. Chenjerani apa, chifukwa mayina amasokoneza: sipiliti yapepo ija, sanitaiza ndi thina zimasungunula vanishi yakale nthawi yomweyo. Yesani kaye pamalo obisika. Dzimbiri lobiriwira, limene limakonda pamene chikopa chakhudzana ndi bulasi, mumalipala ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati mpeni.

Pomaliza mumapaka phula pang'ono kwambiri n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Lodziwika ndi Renaissance Wax, limene linapangidwa m'labotale ya British Museum m'ma 1950. Phula la njuchi likhoza kukukopani poti ndi lapafupi, koma lili ndi asidi pang'ono amene pakapita nthawi amabiriwitsa mkuwa. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti Renaissance Wax ndi yodula ndipo kawirikawiri muyenera kuitanitsa kunja, komanso telesikopu siidzawala ngati galasi. Idzaoneka yaukhondo, yakuda mwina ndi mwina, yooneka zaka zake. Alendo ena adzakufunsani chifukwa chake simunaipukute. Koma mwa zinayizi ndi yokhayi imene imakusiyirani mwayi wosintha maganizo mawa, popeza phula limachoka ndi white spirit, ndipo chida chenicheni chimakhalabe ndi mtengo wake.

Yachinayi ndi kuchotsa vanishi yonse, kupukuta, n'kupaka yatsopano. Ili ndi malo ake: pamene vanishi yakale yatsala tizigamba tochepa ndipo dzimbiri likudya bulasi. Apa pali kusankha kwinanso. Shellac yopaka pa paipi yofunda imabwezera mtundu wakale uja, koma imafuna dzanja lozolowera, chifukwa imauma msanga ndipo bulashi ikadutsa kawiri pamalo amodzi mzere umaoneka. Incralac, vanishi yamakono yopangidwira mkuwa, imateteza kwa zaka zambiri koma ilibe mtundu, ndiye chida chimaoneka chotuwa ngati chatsopano. Ya m'chitini chopopera ya m'mashopu a penti imakhuthala, imamatirira m'mapaipi olowana, ndipo pokoka imakalika. Chimene ndimaopa kwambiri pa njirayi ndi gudumu lopukutira la magetsi. Pa mphindi imodzi limafafaniza makona akuthwa amene mmisiri anawasema, ndipo wodziwa amazindikira akadali patali kuti chida chinapita pa makina. Ngati mwasankha njirayi, ikhale ya pamanja, ndipo podzagulitsa munene poyera kuti vanishi ndi yatsopano.

Magalasi sasamala kuti mwasankha njira iti kunjaku, lamulo lawo ndi limodzi. Galasi lalikulu la kutsogolo nthawi zambiri limakhala magalasi awiri osiyana mtundu, ogonekedwa pamodzi. Musanawalekanitse, lembani chizindikiro cha V ndi pensulo m'mphepete modutsa onse awiri, kuti abwerere monga analili; limodzi likatembenuka, chithunzi chimachita chimbuuzi. Ngati anatsekeredwa popinda mlomo wa bulasi, asiyeni momwemo, mungopukuta kunja. Paipi ya kudiso imakhala ndi timagalasi tinayi timene timaimika chithunzi chilili, ndiye tulutsani kamodzikamodzi, mukujambula ndi foni. Uzirani fumbi kaye musanakhudze, chifukwa kamchenga kamodzi kokokedwa ndi nsalu kamasiya chipsera chosatha.

Timizere topotera ta zida zimenezi ndi tating'ono kwambiri ndipo chigawo chilichonse chinasemedwera chinzake, moti simungapeze cholowa m'malo kusitolo. Chikakana kumasuka, musachigwire ndi pulayala, paipi idzaphwanyika. Dontheza kadontho ka mafuta omasulira, dikirani tsiku, kenako potani ndi dzanja mutavala golovesi ya labala. Pobwezera, yambani mwapotera kumbuyo mpaka mumve kuti "ke", ndiyeno muzipita kutsogolo.

Nyengo ya dzinja, musaitsekere m'chikwama chake chachikopa. Chinyezi chimameretsa nkhungu pa galasi, ndipo nkhunguyo ikakhalitsa imadya galasilo n'kusiya timizere tonga ukonde wa kangaude tosachoka ndi mankhwala alionse. Isungeni pouma, podutsa mpweya, chikwamacho pachokha.