Miyezi 9 ndi ma V-brake pa mitsetse ya ku Zomba

Mu Juni chaka chatha ndinachotsa mabuleki akale pa njinga yanga ya kaunjika n'kuikapo ma V-brake (mabuleki a mikono iwiri yaitali imene imafinya limu ndi labala) a kampani ya Shimano, kutsogolo ndi kumbuyo. Pano tili mu Marichi. Njingayi imanditenga tsiku ndi tsiku kuchoka ku Chinamwali kupita m'tauni, ndipo masiku ena Loweruka ndimakwera nayo msewu wa Ku Chawe, osati chifukwa chokonda chitunda, koma kukoma kwa potsika. Choncho mabulekiwa aona fumbi la chilimwe, aonanso matope a dzinja.

Ndinayamba ndi kulakwitsa, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Pofuna kupulumutsa ndalama, ndinasiya maliva akale pahandulo. Sabata yoyamba liva inkachita kufika pahandulo njinga isanaime, yofewa ngati ukufinya siponji. Ndinakoka waya mpaka labala zinayamba kukhula limu, koma ayi ndithu. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango anangofinya kamodzi n'kunena kuti, "Achimwene, maliva awa si anzake a mabulekiwa." V-brake imafuna liva yokoka waya wambiri, pamene maliva a mabuleki akale aja amakoka pang'ono. Nditagula maliva ake enieni, zala ziwiri zinakwana.

Mwezi woyamba waya watsopano amakhwepa. Pa liva pali kanati kozunguza ndi zala, ukakatulutsa waya amalimba. N'kabwino kwambiri, moti kamakuchititsa ulesi. Ine ndinkangokatulutsa sabata ndi sabata mpaka kanatsala pang'ono kugwa. Masiku ano kakatuluka kwambiri ndimakabwezera mkati, n'kumasula bawuti yogwira waya ndi alenki ya 5 mm, kukoka waya pang'ono ndi pulayala, n'kumanganso. Labala zimatsala pafupifupi 1 kapena 2 mm kuchoka pa limu mbali iliyonse.

Kulira kunandisowetsa mtendere mu Ogasiti. Ndikagwira buleki ya kutsogolo pafupi ndi msika, anthu onse ankacheuka ngati kwalowa nkhumba. Mankhwala ake ndi khadi la mayunitsi lotha ntchito. Umalipinda pawiri, kulilowetsa pakati pa limu ndi mbali ya kumbuyo ya labala, kufinya liva, n'kumanga bawuti yogwira labalayo uli chifinyire. Ukachotsa khadilo, mbali ya kutsogolo ya labala ndi imene imayamba kukhudza limu, phokoso n'kutha. Pomanga yang'anitsitsani kuti labala isakhudze tayala, chifukwa imalidya m'mbali mpaka chubu kutulukira. Labala imodzi ikamakhula limu inzake ili patali, pali kasikuluwu kakang'ono m'munsi mwa mkono uliwonse wa buleki. Mangani pang'ono ka mbali imene ikukhulayo, theka la mzungulo n'lokwanira, kenako finyani liva muone.

Koma mayeso enieni anabwera ndi mvula. Kuyambira Disembala, madzi osakanikirana ndi mchenga ankasanduka phala lakuda pa limu, lodetsa thalauza komanso lodya labala ngati sandipepa. Labala zimene zinapirira miyezi 6 ya fumbi zinatha mizere yake pofika pakati pa Januwale. Ndinagula zina zotchipa pamsika, zopanda dzina, zolimba ngati mwala. Pa sabata ziwiri zokha ndinayamba kumva kuti khwee-khwee, ndipo nditazichotsa ndinapeza tizidutswa ta aluminiyamu titalowa mu labala, tikunyezimira. Ndinatizula ndi nsonga ya singano, koma limu ya kumbuyo inali itakandika kale. Ndikayendetsa chala pamenepo ndimamva kuti payamba kulowa mkati. Ndinazitaya n'kugula zabwino, ndipo tsopano Lamlungu lililonse ndimapukuta malimu ndi kansalu konyowetsa sipiliti. Palafini ayi, amasiya mafuta buleki n'kumangoterereka.

Buleki ya kumbuyo inayambanso kuchedwa kubwerera ndikasiya liva. Ndinkaganiza kuti sipuling'i yafooka, koma linali dzimbiri m'kapaipi kopindika kamene waya amadutsamo polowa pa buleki, poti kalabala kotchinga madzi kanali katang'ambika. Waya watsopano, kalabala katsopano ndi dontho limodzi la oyilo pa waya, basi. Chinanso, mayi a kunyumba akabwereka njingayi sankafikira bwino maliva. Pali kasikuluwu kena pa liva kamene kamaisendeza kufupi ndi handulo, ndinakaona patatha miyezi 5.

Ndingagulenso? Inde. Mikono ya mabuleki ndi maliva sizinagwedere mpaka lero, zimene zatha ndi labala ndi waya basi. Kukauma amagwira bwino kuposa mabuleki a ndodo a njinga zambiri za kabaza zimene ndakwerapo. Pa mvula pokha amayamba apukuta kaye madzi pa limu asanagwire, moti potsika Ku Chawe kukamagwa mvula ndimayamba kufinya ndisanafike pa kona. Limu ya kumbuyo ija ndiisintha mwezi ukatha, ndikalandira.