Tronscan ndi ka app kanga kotumizira USDT: zomwe ndaona pa miyezi ingapoyi

Nde ndinati ndilembeko za izi poti anthu angapo kuno ku Joni akhala akundifunsa ku inbox kuti aise mumadziwa bwanji kuti a magulu a trading ya USDT pa WhatsApp aja ndi akuba. Zoona zake sindinadziwe ndekha ayi, inandigwira dzanja ndi kompyuta.

Alamu anga anandiika mu gulu lina la pa WhatsApp, eti mumaponya USDT (ndalama ya pa intaneti, imodzi imalingana ndi dola imodzi ya ku America) ndiye roboti ya AI imakuchitirani trading usiku ndi usana, mapulofiti mlungu uliwonse, ma screenshot mbwee anthu akuthokoza Mulungu. Ine ndi mtima wofuna malata akumudzi ndinati ndiyeseko ndi ya R3000. Ndikudina send pa ka app komwe ndimagulira USDT (dzina sinditchula), kanangoyimitsa kaye nkuyamba mafunso, munthuyu mukumudziwa? wakulonjezani phindu? mwakumana naye pa intaneti? kenako nkundiuza kuti adiresi imeneyo (ili ngati nambala ya akaunti yomwe ndimatumizako) ndi yokayikitsa ndipo ndalama ikhala kaye podikira. Ndinapsa mtima heavy, ndalama yanga yomwe ndaivutikira pa scaffolding kenako makina azindifunsa ngati apongozi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere nde ndinakopa adiresi ija, zija zoyamba ndi T zazitali zilembo 34, nkukaiponya pa Tronscan. Kwa omwe simukudziwa, iyi ndi webusaiti yaulere yowonera zonse zomwe zadutsa pa blockchain (kaundula wa pa intaneti wolemba ndalama zonse zotumizidwa) ya Tron, komwe USDT yambiri yomwe timatumizirana imayenda, sufunika akaunti kapena kulipira kanthu, umangoika adiresi basi nkuona mbiri yake yonse, ola, mphindi, kuchuluka kwake. Zomwe ndinaona zinandiziziritsa nkhongono. Timadola 50, 100, 200 tikulowa kuchokera kwa anthu osiyanasiyana tsiku lonse ndipo pasanathe mphindi zingapo yonse yatuluka kupita ku adiresi imodzi, uko nayo nkuigawagawa tizidutswa kupita kwina. Trading yake ili kuti? Ndipo tima pulofiti tomwe amalipira anthu timachokera mthumba lomwelo lomwe atsopano akuponyamo. Chipeleganyu chabodza basi chovala suti.

Kenako ndinamvetsa kuti ka app kaja sikanali kulosera. Ma system amenewa amaphunzira pa mamiliyoni a ma transaction, amayang'ana kuti adiresiyi ndi yatsopano bwanji, ndalama imagona kapena imangodutsa, yakhudzanapo ndi ma adiresi omwe anthu anadandaula kale, iweyo umatumiza chonchi nthawi zonse kapena lero wadabwitsa. Pali makampani ngati Chainalysis, Elliptic ndi TRM Labs omwe ntchito yawo ndi yomweyi, kulondola mapazi pa blockchain nkugulitsa zimenezo kwa ma exchange (malo ogulira ndi kugulitsira USDT ndi zinzake) ndi apolisi. Ndipo Tether, eni ake a USDT, amatha kuumitsa ndalama pa adiresi aboma akapempha.

Chondiseketsa nchakuti mbava nazo zikugulitsa dzina lomwelo la AI. Omwe munali kuno 2020 mukukumbukira Mirror Trading International, nawonso ankati ali ndi roboti yochita trading, inagwa mu December 2020, bwana wake Johann Steynberg anakamugwira ku Brazil 2021, khoti la ku America 2023 linalamula kuti alipire madola oposa 3.4 biliyoni. Anthu analira nawo ameneuja koma taonani tikubwerezanso.

Tsopano zosakoma. Ka app kanga nthawi zina kamachenjera mopyola, ulendo wina kanagwira ndalama ya maliro yomwe ndimatumiza kwa achimwene chifukwa choti ndinasintha foni komanso inali 2 koloko usiku, mpaka selfie ndi pasipoti mmanja anthu kumudzi akudikira bokosi. Zinandiwawa, ndipo munthu woti ulankhule naye sapezeka msanga umangoyankhidwa ndi roboti. Apa ndikupatsa nyenyezi 3 pa 5.

Tronscan ndiipatsa 4. Ndi yaulere, imathamanga, siinama. Koma ndi manambala ndi chizungu chokhachokha, pa foni yaing'ono maso amawawa, ndipo musaganize kuti ikuuzani dzina la wakuba kapena kukubwezerani ndalama, imangokuonetsani msewu omwe yadzera. Chinanso samalani, pali akuba omwe amakutumizirani kandalama kochepetsetsa kuchokera pa adiresi yofanana ndi ya mnzanu koyambirira ndi kumapeto, kuti tsiku lina mukope yolakwika mu history. Muziona zilembo zapakati nazo.

Alamu aja ndinawatumizira ma screenshot onse ndazunguliza ndi mzere wofiira, anandiyankha kuti mlamu muli ndi nsanje inu, nkundichotsa mu gulu. Patatha masabata atatu gululo linasintha kukhala only admins can send, panopa adiresi ija pa Tronscan ikuonetsa 0. Sitinakambiranebe nkhaniyi, Lamulungu lapitali anabwera kudzabwereka ya thiransipoti.