Wezulo ya abusa a nkhosa: muyambire ya pulasitiki, yachitsulo idikire

Wezulo yomwe tikunena pano siyofanana ndi ya oyimbira mpira pa Mzuzu Stadium. Ya mpira ili ndi liwu limodzi, mukhoza kungolikweza kapena kulitalikitsa. Ya abusa, yolamulira galu woweta nkhosa ali patali, ndi kachinthu kaphanthiphanthi kooneka ngati mwezi wogamphuka pakati, kopindidwa pawiri, kokhala ndi kabowo kodutsa mbali zonse ziwiri ndi mpata wotulukira mpweya kutsogolo. Imalowa m'kamwa, ndipo lilime ndilo limasintha mamvekedwe ake. Kampani ya ACME ya ku Birmingham imapanga ya pulasitiki ndi yachitsulo, ndipo Logan ndi dzina lina la mawezulo lodziwika pakati pa ochita mipikisano ya agalu oweta nkhosa.

Chomwe anthu amaifunira chimaoneka bwino mukadziwa mmene mpikisano umayendera. Mpikisano woyamba wa masewerawa ku Britain unachitikira ku Bala m'dziko la Wales mu 1873, ndipo bungwe la International Sheep Dog Society linakhazikitsidwa mu 1906. Mwini galu amaima pa mtengo wozikidwa, nkhosa zili patali, pa mipikisano ikuluikulu mamita oposa 350. Galu amathamanga mokhota kukafika kumbuyo kwa nkhosa, gawo lotchedwa outrun la mapointi 20. Kuziyambitsa kuyenda modekha ndi 10, kuzibweretsa mowongoka kudzera pa geti ndi 20, kuziyendetsa kuchoka kwa mwini kudutsa mageti awiri ndi 30, kupatula zina m'gululo ndi 10, kuzilowetsa m'khola ndi 10. Woweruza amayamba ndi mapointi athunthu n'kumachotsera pa cholakwa chilichonse. M'magawo ambiriwa mwini saloledwa kuchoka pa mtengo paja. Ndiye galu ali uko, inu muli kuno, mawu a pakamwa akafika ndi ofooka, ndiponso amanyamula mkwiyo ndi mantha anu onse. Mluzu wa wezulo umafika woyera.

Kuiliza ndiye povuta, ndipo ambiri amaitaya m'dirowa tsiku lachiwiri. Mbali yopindika ilowe m'kamwa ikhudze lilime, mpata uyang'ane kunja. Milomo itseke pamwamba ndi pansi osaphimba mpatawo, kabowo kakhale mkati mwa kamwa ndipo lilime lisakatseke. Uzirani pang'onopang'ono ngati mukuziziritsa tiyi. Ikangotulutsa mpweya popanda liwu, zifukwa zimakhala zitatu kawirikawiri: mwauzira mwamphamvu kwambiri, mpweya ukuthawira m'mbali mwa milomo, kapena malovu adzaza mpata. Ikwapuleni pa dzanja malovu atuluke, muyambirenso. Liwu loyamba likatuluka, sunthani lilime kutsogolo ndi kumbuyo kuti mumve likukwera ndi kutsika. Mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo zimathandiza kuposa ola lathunthu la tsiku limodzi, chifukwa milomo ikatopa imayamba kutayikira mpweya. Zonsezi muchitire kutali ndi galu. Galu amene wamva miluzu yosokonekera kwa sabata ziwiri amaphunzira kuti wezulo ndi phokoso losafunika kulilabadira, ndipo kuchotsa maganizo amenewo ndi ntchito yaikulu kuposa kumuphunzitsa koyamba.

Apa ndipo ya pulasitiki imapambana. Ndi yopepuka, siziziritsa milomo m'mawa wa June kapena July pomwe chifunga chakuta Mzuzu yense, sipweteka mano, ndipo mtengo wake ndi wotsika moti kugula ziwiri sikupweteka m'thumba. Gulani ziwiri ndithu, imodzi imasowa mu udzu. Vuto lake ndi loti oyamba amailuma. Mano akaifinya, mpata umachepa, liwu n'kukhala losasa, ndipo sibwereranso mwakale. Liwu lake silifikanso patali ngati la yachitsulo kukakhala mphepo. Pa dambo laling'ono la mamita 100 mpaka 150 zimenezi sizidetsa nkhawa.

Yachitsulo ndi ya munthu amene miluzu yake yakhazikika. Imalira mokweza popanda kuuzira mwamphamvu, imalola kaliwu kapansipansi kogwiritsa ntchito galu ali pafupi ndi khola, ndipo imatha zaka. Koma imaulula cholakwa chilichonse. Liwu lakuthwa kwa galu wamanyazi ali pa mamita asanu limamubweza m'mbuyo ngati mwamukalipira. Ya chitsulo cha brass imasiya kakomedwe kachitsulo m'kamwa komwe ena sakakonda. Ife tikuona kuti kugula yodula musanathe kuliza miluzu inayi yosiyana bwino ndi kutaya ndalama.

Miluzu inayiyo ndi iyi. Umodzi wautali ndi woimitsa galu. Iwiri yaifupi ndi yomuuza asendere kwa ziweto. Kenaka iwiri ya mbali: wina womuzunguliritsa kudzera kumanzere kwanu, omwe Angerezi amati come-bye, wina kudzera kumanja, omwe amati away. Palibe lamulo la mmene iwiri ya mbaliyi iyenera kumvekera, koma iyambe mosiyana. Wina uyambe pansi kukwera, wina uyambe pamwamba kutsika. Galu wabwino amanyamuka pa kaliwu koyamba, sadikira mapeto, ndiye ikayamba mofanana azingolota. Mawu a pakamwa akhoza kukhala a Chichewa kapena Chitumbuka, galu alibe nazo kanthu, bola akhale aafupi ndi osafanana. "Gona" ndi "bwera" amamveka bwino. Galu ayambe wadziwa mawuwo, kenaka muziliza mluzu n'kutsatiza mawu nthawi yomweyo, mpaka ayambe kuchita asanamve mawu. Mukasinthanitsa, mawu patsogolo mluzu pambuyo, adzakhala atachita kale ndipo mluzuwo sadzaulabadira.

Pali chinthu china chomwe wezulo iliyonse singakonze. Liwu limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi. Galu akakhala pa mamita 350, amamva mluzu wanu patadutsa sekondi, nkhosa zitakhota kale. Oyamba amaganiza kuti galu akuchita makani, amalizanso kachiwiri ndi kachitatu, galu n'kulandira malamulo atatu motsatizana pa zinthu zomwe zadutsa. Yang'anani mitu ya nkhosa zotsogola, osati galu, mulize zisanakhote. M'malo a zitunda ngati kuno kwathu, galu akatsikira kuseri kwa kamtunda liwu limamufika lofooka kapena lobwereza, choncho poyamba sankhani malo oti muzionana. Pa outrun dziwaninso kuti mluzu uliwonse wowongolera galu umadyetsa mapointi, moti wezulo yabwino pamenepo ndi yokhala chete.

Kuno ambiri tili ndi mbuzi ndi ng'ombe kuposa nkhosa. Mbuzi sizigwirana gulu ngati nkhosa, zimabalalika, ndipo yaikazi ya ana imatembenuka kulimbana ndi galu. Mwana wa galu akagundidwa koyambirira akhoza kuchita mantha mpaka kalekale. Yambani ndi ziweto zinayi kapena zisanu zofatsa, zopanda ana, mu mpanda wozungulira, galu ali pa chingwe chachitali, kwa mphindi zosaposa 15. Galu wa mtundu wa Border Collie amabadwa ndi mtima wozungulira ziweto n'kuzibweretsa kwa mwini. Galu wozolowera uzimba amafuna kuthamangitsa ndi kugwira, ndipo wezulo siingamusinthe mtima, ngakhale mluzu woimitsa ndi woitana amauphunzira bwinobwino. Katemera wa chiwewe ndi mankhwala a nkhupakupa zikhale m'malo galu asanayambe kulowa m'dambo.

Za kagulidwe, njira yodalirika ndi kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku South Africa, komwe masewerawa amachitika. Amisiri osula mbaula ndi ndowa akhoza kupinda kachitsulo n'kuboola ikalira, pakuti abusa akale ankapanganso okha chomwecho. Mukatero akhule m'mphepete monse pasatsale pakuthwa, ndipo pewani malata, zitini zapenti ndi chilichonse chomwe munali mankhwala, poti chikukakhala m'kamwa. Iliyonse yomwe mwapeza, ipachikeni pa chingwe m'khosi, muziitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kupisa kapepala kolimba mu mpata kuchotsa zotsalira.