Roketi ya mwana: yoponda kapena ya injini?

Mwana wa zaka 4 kapena 5 musamugulire roketi ya injini. Yake ndi Stomp Rocket: amaponda kathumba ka mpweya, mpweyawo n'kudutsa m'kapaipi n'kukankhira roketi yofewa m'mwamba. Palibe moto, palibe chogulanso, ndipo angaponde mpaka miyendo itatopa.

Estes Alpha III, roketi ya injini, ndi nkhani ina. Kampani yake, ya ku Penrose ku Colorado, ku America, imati ndi ya ana oyambira zaka 10, wamkulu ali pompo. Zipsepse zake n'zapulasitiki zoumbiratu, choncho kuilumikiza sikuvuta. Vuto ndi injini: ndi ya onga, imagwira ntchito kamodzi basi, ndiye ndalama zimapitabe. Zilembo za pa injini muzizimvetsa: mphamvu yonse ya injini ya B imawirikiza kawiri ya A, ya C kawiri ya B. Yambani ndi injini ya A8-3. Mukaika C6-5 roketi imapitirira mamita 300, ndipo parachuti ikatseguka kuli mphepo, mudzakaipeza pamwamba pa mtengo wa eni ake. Bwalo likhale lalikulu, lopanda udzu wouma.

Wazaka 7 kapena 8 wokonda kudzipangira zinthu, roketi ya madzi imamukwanira: botolo lapulasitiki ndi pampu ya njinga.