WSUS pa ofesi ya makompyuta 20: imapulumutsa mamega, koma imafuna woisamalira

Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse Microsoft imatulutsa ma update a Windows. Pa ofesi ya ku Moatize kapena ku Ulongwe yomwe makompyuta 20 amagawana intaneti imodzi ya Vodacom kapena Movitel, sabata imeneyo imakhala yowawa, chifukwa kompyuta iliyonse imakoka payokha fayilo imodzimodziyo ndipo wa maakaunti amalephera ngakhale kutumiza imelo. WSUS (Windows Server Update Services), pulogalamu ya Microsoft yogawira ma update mu ofesi, inapangidwira vuto limeneli. Imabwera kale m'kati mwa Windows Server. Seva imakoka kamodzi, enawo n'kumatengera pa netiweki ya mu ofesi kudzera pa port 8530, kapena 8531 ngati mwaika HTTPS. Adilesi ya sevayo mumaiuza makompyuta onse nthawi imodzi kudzera mu Group Policy, chida cha Windows choikira malamulo pa makompyuta a mu domain (netiweki yoyang'aniridwa ndi seva).

Ambiri amalakwitsa tsiku loyamba pomwe akusankha zoti sevayo izikoka. Chongani Windows yomwe muli nayo basi, Office ndi Defender, ndipo zilankhulo zikhale Chipwitikizi ndi Chingerezi. Musachonge Drivers. Gawo limeneli lili ndi mafayilo ambirimbiri a zipangizo zomwe mulibe, amatupitsa database mpaka pulogalamu yoyendetsera imakana kutseguka. Ipatseni disiki yakeyake ya 250 GB ndi RAM yosachepera 8 GB.

Matenda ake odziwika ndi error 503. Mu IIS, pulogalamu ya webu yomwe WSUS imayendera, gawo lake lotchedwa WsusPool limabwera ndi malire a memory a 1,843,200 KB, ndipo makompyuta ambiri akafunsa pamodzi limafika pamalirewo n'kuima. Kwezani malirewo kufika pa 4 GB, kapena lembani 0 ngati RAM ilipo yokwanira. Mwezi uliwonse kanani ma update omwe alowedwa m'malo ndi atsopano, kenako yendetsani Server Cleanup Wizard. Mukalekerera chaka, kuyeretsako nakonso kumakanirira panjira.

Chomwe timaikondera kwenikweni n'chakuti update simalowa musanavomereze. Yambani ndi makompyuta awiri, dikirani sabata muone ngati printer ndi pulogalamu ya mafatura zikugwirabe ntchito, kenako tsegulirani onse.

Mtengo umabisala kwina. Windows Server Standard imafuna laisensi ya CAL (chilolezo cholumikizira ku seva) pa munthu kapena pa kompyuta iliyonse, ndipo malaputopu otchipa a Windows Home salowa mu domain. Onjezerani UPS (batire yosungira magetsi), chifukwa magetsi akazima seva ikulemba, database imatha kuwonongeka. Mu mzinda wa Tete, komwe Okutobala amapitirira madigiri 40, musaitsekere m'kachipinda kopanda mpweya. Ku Angonia kozizira nkhawa imeneyi ndi yochepa.

Mu Seputembala 2024 Microsoft inalengeza kuti yasiya kuwonjezera zatsopano mu WSUS, ngakhale ikupezekabe mu Windows Server 2025. Mu Okutobala 2025 munapezeka bowo loopsa lachitetezo lomwe analitseka ndi update yapadera, choncho ma port aja asaonekere konse pa intaneti.

Intune, njira yoyang'anira makompyuta kudzera pa intaneti yomwe Microsoft ikukankhira anthu, mumalipira mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense ndipo imadalira intaneti yodalirika. Kwa ofesi ya makompyuta 15 mpaka 50 yomwe ili kale ndi Windows Server, WSUS ndiyabwinobe. Osakwana 10, musagule seva: yatsani Delivery Optimization ya m'kati mwa Windows, makompyuta azigawana okha ma update pa port 7680.